Mkono wa Martina

Harare Location,
Salisbury,
Ogasiti 1956.

Okondedwa akulu anga a Zipora,

Landirani moni wanga pamodzi ndi onse kwathu ku Mitundu. Kodi muli bwanji? Nanga mwendo wa amayi uja unaphwa? Kuno m'thupi tili bwino, Pitala wayamba sukulu ndipo akudya ngati waganyu. Mtima wokha ndiwo suli m'malo, n'chifukwa chake ndalemba osadikira yankho la kalata ija.

Ntchito yanga ya singano mukuidziwa, ija tinaphunzira kwa asisiteri ku Likuni. Ndimatola tizigamba kwa atelala n'kulumikiza, pakati ndimaika bulangeti lakutha, kenaka n'kusoka mizere kuti zigwirane. Pamatuluka kansalu kakatali, kopapatiza, kamene adona amayala pakati pa tebulo. Mulifupi ndimayesa zikhatho ziwiri, mulitali ndimayesa ndi mkono, kuchokera pachigongono mpaka kunsonga ya chala. Mtengo wake ndi sheleni imodzi pa mkono. Apa utali wangawu umandipweteka, paja mkono ndinatengera atate, umadya zigamba zambiri pa sheleni yomweyo.

Mukumkumbuka Martina, mwana wa a Maliro a ku Nathenje, kamtsikana kakafupi kaja? Anafika kuno chaka chatha kutsatira mwamuna wake, n'kupeza mwamunayo anapitirira ku Joni osasiya mawu. Ine ndinamsunga, ndinamfunira chipinda pafupi ndi chathu, ndinamgwiritsa singano ndi manja angawa. Chifundo chinapha nkhwali, akulu anga.

Nayenso amagulitsa sheleni pa mkono, koma mkono wakewo ndi wa mwana. Nsalu imene ine ndingatchule masheleni anayi, iye amatchula asanu, adona n'kupereka akumwetulira. Amaika chofiira pafupi ndi chachikasu, zimene ine ndinamletsa, koma iwo ati n'zokongola. Sindinama, msoko wake ndi wosalala, ndipo zimandiwawa kuti ndinauwongola ndine.

Zimenezo ndikanapirira. Imvani tsono za alamu anu a Efulemu. Paja amaphika kwa adona ena kumayadi, ndipo patebulo la adonawo m'pamene anzawo onse amamwera tiyi. Nsalu yako ikagona pamenepo, msika wonse ndi wako. Chiyambire ntchitoyi ndakhala ndikuwapempha kuti andiyesere tebulolo ndi kachingwe, ndisoke yokwana bwino. Iwo ankati wophika sakhudza tebulo lodyera, akawapeza akuliyesa angawachotse ntchito, nanga tidzadya zigamba? Ine ndinkamvera.

Mwezi wathawu ndinamva kumpopi kuti patebulo lomwelo pagona nsalu ya Martina. Akuti inakwana ngati anasokera pomwepo, kulendewera kofanana uku ndi uku, ndipo adona ena aitanitsa kale zawo. Martina m'nyumba ya adonawo sanapondemo. Ndinasenza ndowa yanga osadzaza.

Lamulungu titadya ndinawafunsa alamu anu mofatsa. Anaseka, nati ndisakhale ndi mtima wa nsanje, iwo anangothandiza munthu wakwathu wosiyidwa. Anati ngakhale chingwe sanatenge, anangoliyang'ana tebulolo akudutsa ndi mbale n'kuona kuti ndi mikono isanu ndi umodzi ya Martina. Ananena izi monyadira, ngati kuti ndiwayamikira maso akuthwa.

Ndiye ndinawafunsa kuti nanga pa mkono wanga ingakhale ingati. Akulu anga, anauyang'ana mkono wanga ngati akuuona koyamba. Anati zimenezo sangadziwe, mpaka atayesa.

Mkono umenewu wawaphikira chikwatirane, wawaberekera mwana, wawatsamiritsa atadwala malungo. Sakuudziwa. Wa mlendo wa chaka chimodzi ali nawo m'mutu, mpaka kuyesera tebulo la eni ake osaphonya. Anauphunzira liti, ndipo anauphunzira kuti? Sindinawagwire ndi kanthu, ndipo sindinena zimene sindinaone. Koma nsanje ndili nayo, sindibisa, ndipo singano ikundigwa m'manja. Martina akandipatsa moni m'mawa ndimayankha, maso anga ali pamkono pakepo.

Pempho langa ndi limodzi. Pitani kwa achimwene a Jeremiya, monga nkhoswe yanga, muwawerengere kalatayi. Apite ku Malingunde akaonane ndi ankhoswe a alamu anu, awalembere mawu zisanafike poipa. Ine ndikalankhula amati ndi nsanje ya msika, koma amalume awo amawaopa. Adona onse awatenge Martinayo, ndi masheleni omwe, ine ndikagulitsa kwa akazi a amabalane, makalaliki akuno. Chimene sindilola kugawana naye ndi bambo a Pitala. Akandilaka, mudzandiona ndikutsika basi ndi mwana wanga, ndipo mundisungire malo kumunda wakudambo uja.

Amayi musawauze kaye, mungowapatsa moni ndi kuwauza kuti shawelo yawo ndidzatumiza ndi munthu wodalirika. Moni kwa alamu anga, kwa amalume ndi azakhali, kwa achimwene ndi akazi awo, ndi kwa ana onse. Pitala akuti moni kwa agogo ake. Mukakumana ndi a Maliro pamsika wa Nathenje, muwapatse moni wanu, wanga ayi.

Tsalani bwino, mundikumbukire m'mapemphero.

Ine mng'ono wanu,
Esitere