Pempho Loti Wailesi Izitsekedwa Ida Akamaimba

KOMITI YA WAILESI YA KU FORT LISTER

Msonkhano wa Lachinayi, 14 Ogasiti 1952, pakhonde la sitolo ya a Amidu Ahamadi.

Amene analipo: a Amidu Ahamadi, Wapampando, a Hector Namalawa, Mlembi, a Wilson Kaliati, mayi Katija Tausi.
Amene sanabwere: a Abdulwahab, akudwala mwendo.
Alendo: a Dickson Goliati ndi akazi awo mayi Belita, oimba otchuka aja a patsinde pa phiri la Michesi.

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano 4 koloko madzulo. Anati sanaganizepo kuti anthu amene timawamvera m'wailesi angadzakhale pa benchi lake ndi matupi awo. Anthu anali atadzaza mpaka kumsewu, ena atakwera mumtengo wa mango, kufuna kuona banjo ya a Goliati. Banjoyo sanabwere nayo.

2. Zolembedwa za msonkhano wapita

Zinawerengedwa ndi kuvomerezedwa. A Kaliati anakana mawu ena kuti si awo, koma atawerengeredwa kachiwiri anavomera kuti anawanenadi.

3. Kusowa kwa Ida Goliati

Wapampando anapempha kuti nkhaniyi ilembedwe mwadongosolo chifukwa mphekesera zachuluka. A Goliati anafotokoza kuti mu Okutobala chaka chatha anapita ku Lusaka kukajambulitsa nyimbo, iwo, akazi awo ndi mwana wawo Ida wa zaka khumi ndi zinayi. Pobwerera anadzera ku Halale nalowa m'dziko la Apwitikizi, komwe anatsika pa siteshoni yosinthira sitima. Anali masana. A Goliati anatuma Ida kukatunga madzi pa mpopi, kamtunda ngati kuchoka pakhonde lino kufika kumsewu. Ataona kuti akuchedwa anamulondola. Anapeza ketulo ili pansi pa mpopi, yodzaza madzi, yovundikira bwinobwino, koma mwana panalibe.

Anakhala pasiteshonipo masabata atatu. Apolisi akumeneko anafunsa ogulitsa malalanje ndi onyamula katundu, koma palibe anaona kanthu. Makalata apita ku Halale, ku Beira ndi kwa abale a kwa Chiwalo amene amaoloka malire kawirikawiri. Mpaka lero zii. Mayi Katija anati, "Kalanga ine, dzuwa likuswa mtengo, anthu ali pikitipikiti!"

4. Pempho la a Goliati

A Goliati anapempha kuti nyimbo yawo ya "Nandolo Wakhwima" ikayamba, wailesi izitsekedwa. Ida ndiye amatsogolera nyimboyo, ndipo omvera amaipempha pafupifupi Lachinayi lililonse. Anati anthu akaimva amathamangira kunyumba kwawo kukawauza kuti mwana wapezeka. Sabata yatha anthu a ku Jenala anafika ndi nkhuku akululutira, iwo n'kuchita kuwakhazika pansi kuwauza kuti ayi. Anati, "Ndinamutuma ndine. Sabata iliyonse mukundipezera mwana, sabata iliyonse ndikumutayanso. Ndatopa, abale anga."

A Kaliati anati a ku Jenala sanalakwe. Anati ngati mawu akuchoka ku Lusaka n'kudumpha Michesi n'kudzatulukira m'kawailesi konga sefuliya aka, ndiye kuti mwini mawuwo ali ku Lusaka, tingotumako munthu basi. Mlembi anafotokoza, kachitatu chaka chino, kuti mawuwo anasungidwa pa mbale ngati ya galamafoni. A Kaliati anati zimenezo ndiye zoopsa koposa, munthu kusowa mawu ake n'kutsala ali bwinobwino, osakula, osasasa. Mlembi akuvomereza pano kuti nayenso thupi limachita tsemwe nyimboyi ikamaimbidwa.

Mayi Katija anati iwo aona amuna akuvula zipewa Ida akayamba kuimba, popanda wowauza, Asilamu ndi Akhristu omwe. Anati chinthu chotere sachizimitsa ngati nyali.

Wapampando anafunsa maganizo a mayi Belita. Iwo anati akudziwa kuti ndi mbale chifukwa pojambula analipo. Anaulula kuti Lachinayi lililonse amabwera okha n'kuima kuseri kwa sitolo ino, pafupi ndi zenera, atafunda kumutu kuti anthu asawazindikire. Wapampando anagwira pakamwa, nati iye sankadziwa. Mayi Belita anati, "Chithunzi chake tilibe. Manda kulibe. Mukatseka apa, ine ndikamumvera kuti?" Kenaka anatembenukira kwa amuna awo nati, "Inu abambo a Ida, nyimboyi simunaimverepo mpaka kumapeto. Ikangoyamba mumathawa." A Goliati sanakane.

Apa 5 koloko inakwana, nthawi ya nyimbo zopempha omvera, ndipo anthu kumsewu anayamba kuitanitsa wailesi. Wapampando anati komiti singavotere mitima ya anthu awiri amene ali ndi chisoni chimodzi. Anati a Goliati akhale pafupi ndi wailesi, dzanja pa kabatani kotsekera, ndipo chimene achite nyimboyo ikabwera chikhala lamulo la komiti. Onse anagwirizana nazo. Mayi Belita anaweramitsa mutu.

Nyimboyo inabwera yachitatu. Banjo itangoyamba, msewu wonse unangoti duu, ngakhale amene anali mumtengo anasiya kugwedeza nthambi. Ida analowa ndi mawu ake aja, okwera, oyera, ngati waima pakhomo la sitolo. Dzanja la a Goliati linali pa kabatani. Ndime yoyamba inatha, yachiwiri inathanso. Kumapeto banjo inaleka mwadzidzidzi, ndipo m'wailesimo munamveka mtsikana akuseka, kaphwete kochepa, kenaka wowulutsa mawu anayamba kuwerenga moni wa omvera.

A Goliati anayang'ana wailesiyo. Ndiye anati, "Akuseka ine. Chingwe cha banjo chinaduka pomaliza." Misozi inali ikutsikira m'ndevu ndipo sanaipukute. Anachotsa dzanja pa kabatani, napempha kuti pempho lawo libwezedwe. Labwezedwa. Mlembi akupepesa kuti zimene ena ananena pambuyo pake sanazilembe.

5. Zina ndi zina

A Kaliati adzipereka kupita ku Jenala kukafotokoza za mbale ija, kuti anthu aleke kupita kwa a Goliati ndi nkhuku. Mlembi awaperekeza, kuopa angakafotokoze zina.

A Goliati anafunsa ngati Lachinayi likubwerali pa benchi pangapezeke malo a anthu awiri. Wapampando anati malowo ndi awo mpaka Ida atadzabwera kudzakhala pakati pawo.

Msonkhano wina udzakhala Lachinayi, 11 Sepitembala 1952, malo omwewa. Msonkhano unatsekedwa 6 koloko isanakwane.

Amidu Ahamadi, Wapampando ……………………

Hector Namalawa, Mlembi ……………………