Ambokile Akuti Ena

Lolemba, 7 Okotobala 2024

Sabata yachitatu ku Karonga. Kutentha kwa kuno si kwa anthu. Sikisi koloko m'mawa, thukuta kale kamukamu. Ine Khumbize, mwana wa ku Dedza wogona ndi mabulangete awiri, ndinalakwira ndani ku likulu kuti anditaye kuno?

Ntchito ndi yomwe ija, kusunga ana opalamula amene akudikira khoti. Anga ndi atsikana, asanu. Kuwawerenga m'mawa, kuwawerenga madzulo, makiyi kulira m'chiuno tsiku lonse.

Lero apolisi abweretsa wachisanu ndi chimodzi. Ambokile, zaka 14, wa ku Uraha. Akuti anawotcha nkhokwe ya mpunga ya bambo ake aang'ono. Pepala la apolisi mizere itatu basi, kupolisiko mwanayo ankangolira, sanayankhule. Wowonda ngati bango, mapazi ong'aluka, maso pansi.

Bwana wathu, a Anthony, ali ku maphunziro ku Mzuzu masabata awiri. Pafoni anati: "Lipoti la mwanayo ndi lanu. Akavomera kuti ndi iye, khoti limubweza kwa mayi ake, akapepese, zithe, poti ndi mlandu woyamba. Akakana, mlandu upitirira, ndipo kuno sitisunga a milandu yaitali. Apita kummwera." Khoti ndi pa 18.

Chophweka. Mwana wanzeru angovomera.

Lachiwiri, 8 Okotobala

Ndamuitanira muofesi, ndatseka chitseko. Chichewa amamva ndithu ngakhale sukulu anasiyira Sitandade 3. Ndikati khala, akukhala. Ndikati tseka zenera, akutseka.

Ndinamufunsa bwinobwino, mwaulemu wanga wonse: "Ambokile, ndiwe unawotcha nkhokwe ija?"

"Ena."

Ena ndani? Zii. Anali angati? Zii. Anyamata? Kungondiyang'ana kamodzi ngati ndine ndasokonezeka mutu, maso pansinso. Ndabwereza funso loyamba lija katatu. Katatu konse: "Ena."

Asa! Zaka khumi ndi chimodzi pantchito ino, nyimbo imeneyi ndaimva ku Lilongwe, ndaimva ku Zomba. Sindine, ndi ena. Koma kumeneko amakutchulira ndi maina omwe, ngakhale abodza. Uyu ngakhale kuvutika kuti apeke dzina, ayi.

Ndaika lamulo lero: mkati mwa mpanda uno Chichewa kapena Chingerezi basi. Pano ndi pa boma. Ndatopa ndi mayi Yunike ophika ndi a Gregory a pageti. Ndikangotulukira, phwete, asintha chiyankhulo, Chinkhonde chawocho, kenako kuseka. Amaseka ine, ndikudziwa. A Gregory anangoti, "Chabwino madamu, tamva." Kaulemu konyoza.

Lachinayi, 10 Okotobala

Mpopi wa kukhitchini usiku wonse ukutaya madzi, madzi ake ovuta chonchi. Ndafunsa mayi Yunike ngati ndi iwo anausiya. "Ena, madamu, pepani," uku akuthamanga kukatseka. Tamvani zimenezo! Ngati ndi ena, pepani ndi wa chiyani? Makiyi a khitchini amasunga okha. Mayi wamkulu, wa mvano kutchalitchi, kunama maso ali gwa. Ndiye ana aphunzire kwa ndani? Kuno palibe amene amalakwa. Ndi ena basi.

Masana nthochi zophika ndi nyama, amati mbalagha. Nthochi ndi ndiwo kapena ndi nsima? Ndadya buledi.

Ambokile ntchito amagwira, chimenecho sindingamunamizire. Wasesa bwalo lonse wosatumidwa, watsuka kapu yanga, waiika chozondotsa pawindo. Akufuna kundigula. Ndamuitananso. Ndamufotokozera pang'onopang'ono ngati wa kumkaka: ukavomera upita kwa mayi ako, ukakana upita kutali kumene sudzamva chiyankhulo chako chaka chonse. Wamva? Ndiwe unawotcha?

"Ena." Mokweza ulendo uno, misozi ili lengelenge, ngati ine ndiye wogontha.

Ndinamutulutsa ndisanachite zoipa.

Sheila wanga waimba kuchokera kwa agogo ake. Mayeso a masamu wakhoza. "Amayi, mubwera liti?" Naye zaka 14. Sindikufuna kuganiza zimenezo.

Lolemba, 14 Okotobala

Magetsi kulibe chiyambire Loweruka, fani ili chete, mutu ukuwawa ngati wina akukhomamo misomali.

Ndayesa njira ina. Mwina anzakewo anamuopseza. Ndamufunsa: "Ukuwabisa? Alipo amene anakuuza kuti usawatchule?"

"Mma."

Eee, tsopano ndasanduka mayi ake! Ndinamuuza kuti mama wako ali ku Uraha, ine ndine madamu, usandinyengerere. Ndiwe unawotcha kapena ayi?

"Ena."

Basi, zinandikwana. Ndamugwaditsa pasimenti ya pabwalo, leveni koloko mpaka thwelofu, dzuwa lili pamutu. Simenti imeneyo ngakhale nkhuku siipondapo. Sanalire. Nditamudzutsa ndinamugwira chibwano kuti andiyang'ane, ndinamuuza atsikana onse akumva: "Mawu akowo ndisadzawamvenso. Ukadzangoti ena, kaya pano, kaya kukhoti, kaya kumwamba, udzandidziwa bwino."

Mawondo ake matuza. Mayi Yunike amupaka mafuta osandiyang'ana.

A Gregory anabwera pakhomo la ofesi, chipewa m'manja. Mwanayu walakwanji, madamu? Ndinati wanena bodza. Iwo anati: "Kwanu kuja paja mumati safunsa anadya phula."

Ine? Ine amene ndakhala ndikufunsa sabata yathunthu mpaka kukhosi kuuma? Ndinawauza kuti ntchito yawo ndi geti, ndipo geti lili uko.

Lachiwiri, 15 Okotobala

Tsiku la Anakubala. Anzanga ku Dedza avala zitenje zatsopano, ine ndili pano ndi makiyi.

Mayi ake a Ambokile anafika ndi phava la nthochi pamutu, fumbi mpaka m'mawondo. Chichewa sadziwa n'kamodzi komwe. A Gregory ndiwo amamasulira, kunja kwa geti, poti lamulo langa limathera pageti. Akuti bambo a mwanayo anamwalira chaka chatha. Bambo aang'onowo anatenga munda, kenako analandira ng'ombe zitatu kwa mwamuna wina wa akazi awiri kuti akwatire Ambokile. Mpunga umene unapsawo unali wodzadya paukwati.

Zomvetsa chisoni, inde. Sindine mwala. Koma ndiye zikumveka tsopano: pali kamnyamata kake kamene kanamuthandiza, ndi kamene akukabisa. A Gregory anayamba kuti, "Mayiwa akunenanso kuti mwanayo chiyambire..." Ndinawadula. Nkhani za mlandu sizikambidwa pageti.

Kumuona ndawakaniza. Mwana ali pachilango. Akafuna kuona mayi ake, njira akuidziwa, ndi mawu amodzi okha. Mayiwo anagwada m'fumbi, manja kuwomba, kuyankhula zambirimbiri. Nthochi ndalandira, ndapereka kukhitchini.

Ambokile anawaonera pa kabowo ka mpanda. Chakudya chamadzulo sanadye. Zake zimenezo.

Lachitatu, 16 Okotobala

Lipoti latha, masamba awiri, ndakalipereka ndekha kukhoti. Ndalemba zimene ndaona: mwanayu wafunsidwa kasanu ndi kawiri pamasiku osiyana, nthawi zonse akukana, akuloza anthu ena koma sakufuna kuwatchula. Sakuonetsa kulapa. Anzakewo akadali kunja.

Ndisanapite ndinamupatsa mwayi wotsiriza. Funso lomwe lija. Milomo inagwedezeka, kenako anaitseka. Palibe ena, palibe chilichonse. Ndiye kuti chilango chinagwira ntchito, bodza lija lasiya kutuluka. Choona ndiye sichikubwerabe.

Usandiyang'ane choncho mwana iwe. Dzenje ukukumba wekha.

Lachisanu, 18 Okotobala

Khoti. Kachipinda kodzaza, bambo aang'ono aja ali kutsogolo ndi jekete m'kutentha kumeneku, mayi a Ambokile pakona. Ine pambali pa mwanayo ndi yunifolomu yanga yosita.

A majisitireti mayi wofatsa. Anati mwanayo afunsidwe m'chiyankhulo chake. Womasulira anamufunsa m'Chinkhonde, mofewa ndithu. Ambokile anatsegula pakamwa, anatembenuka kuyang'ana ine, anatseka. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu anayang'ana ine nthawi yaitali, mpaka a majisitireti anandiyang'ananso. Ine ndinangoti maso patsogolo. Mayi ake anakuwa kena kake kuchokera pakona paja, wapolisi anawakhazika chete.

Ndiye anawerenga lipoti langa. Poti sakuvomera, mlandu upitirira. Poti anzake sanagwidwe ndipo kwawo kuli mkangano, akadikire kummwera. Mphindi makumi awiri, zatha.

Mayi ake anadzigwetsa pansi pakhonde. Woimira boma pamlandu anandigwira chanza: "Lipoti lomveka bwino, madamu, ena amatilembera zosokonekera." Ena! Ndinatsala pang'ono kuseka.

Apolisi akuti galimoto inyamuka mafuta akapezeka, mwina Lolemba, mwina Lachiwiri. Pobwerera mwanayo sanalire. Mtima wanga sukukhazikika, kaya chifukwa chiyani. Ndagwira ntchito yanga. Ndinamuchenjeza kangati?

Mawa ndili pa ofu. Mwana wa mayi Yunike akukwatiwa, anandipatsa khadi kalekale tisanayambane. Ndipita, asamati Achewa ndi onyada. Komanso nyumba ino ndi uvuni.

Loweruka, 19 Okotobala

Ndilemba momwe zinachitikira.

Tchalitchi chodzaza, mapemphero onse m'Chinkhonde, ine osatolapo kanthu. Ndinakhala pafupi ndi mayi wina, namwino, kwawo ku Zomba, kuno wakhala zaka khumi. Tinkanong'onezana za kutentha.

Nthawi ya malumbiro. Abusa anafunsa mkwati funso lalitali. Mnyamatayo, tayi ili pakhosi, anayankha mokweza: "Ena!"

Ndinaseka. Ndithu ndinaseka, ndinagwira pakamwa. Ndinati mumtima, ngakhale paguwa, akufuna ena! Abusa anatembenukira kwa mkwatibwi. Mtsikanayo maso pansi, mawu aang'ono: "Ena."

Nthungululu tchalitchi chonse. Mayi Yunike kuvina mpaka duku kugwa.

Ndinakoka namwino uja dzanja. Akuti chiyani? Akuti chiyani pamenepa?

"Akuti inde. Ena ndi inde. Ayi amati mma." Anandiyang'ana. "Mwakhala kuno nthawi yaitali bwanji, asisi?"

Kasanu ndi kawiri. Ndinalemba ndekha m'lipoti, kasanu ndi kawiri. Ndiwe unawotcha? Inde. Ndiwe? Inde. Alipo amene ukubisa? Ayi. Mwana uja anavomera tsiku loyamba, chitseko chili chotseka, kwa munthu mmodzi yekha amene akanamutumiza kwa mayi ake. Ndipo ine ndinamugwaditsa padzuwa chifukwa chonena zoona. Kenako ndinamulanda inde wake. Kukhoti anamufunsa m'chiyankhulo chake, yankho linali limodzi lokha, lomwe ndinamuuza kuti akadzalitchula adzandidziwa.

Mayi Yunike ndi mpopi uja. Mulungu wanga.

Ndinatuluka pakati pa nyimbo, kuponda anthu mapazi. Kabaza woyamba amene ndinamuona. Njira yonse ndikuwerenga: lero Loweruka, galimoto Lolemba, ndipeza nyumba ya a majisitireti ngakhale ndigwade pageti pawo, nthawi ilipo, ilipo.

Pamalo omwetsera mafuta a pamphambano panalibe mzere. Thanki ya mafuta yafika m'mawa, anatero wakabaza. Ndinamuuza apalase msanga.

Pageti pathu matayala a galimoto m'fumbi, olowa ndi otuluka. A Gregory ali pampando wawo. Chiikireni lamulo lija sanandiyankhulepo mawu amodzi a kwawo.

Ndinati, "A Gregory, apita naye?"

Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumaso. Sanavule chipewa.

"Ena."

Lamulungu, 20 Okotobala

Ananyamuka naini koloko, mnzanga wogwira ntchito kumapeto kwa sabata ndiye anasainira. Foni ya wapolisi woperekeza siikupezeka. Pabedi pa Ambokile bulangete lopinda bwino. Kapu yanga pawindo, yozondotsa.

Kalata kwa a majisitireti ndayamba kanayi. Kuti sindinamve mawu, pamenepo cholembera chikuyenda. Koma adzafunsa chifukwa chimene mwanayo anakhalira chete m'khoti akuyang'ana ine. Ndiye ndilembenso za simenti, za matuza, za chibwano chija. Ndikalemba, yunifolomu yapita, mwina ndi ntchito yomwe. Ndikapanda kulemba, sabwera. Ndalemba. A Anthony ndawaimbira, anati tionana mawa seveni koloko.

Sheila waimba kawiri. Sindinayankhe.

A Gregory agogoda. Akuti mayi a Ambokile ali pageti, abwera ndi zovala za mwanayo kuti apite nazo kummwera, sakudziwa kuti wapita kale. Akufunsa ngati akawauze okha. Ndati ayi, ndipita ine. Koma aime kaye, andiuze. Sabata zinayi kuno sindinafunsepo mawu amodzi. A Gregory, m'chiyankhulo chanu, munthu akalakwa kwambiri, kwambiri, amati chiya