Thandi Wakana Kunyamuka M'basi

Beaumont Leys, Leicester

Okondedwa achemwali a Phyllis,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga bambo, miyendo ija ikuwalola kuyenda? Ife kuno tilipo, kungoti kuzizira kwayamba, ndipo ine mtima suli m'malo.

Akuluakulu a sukulu ya Thandi alengeza kuti mwezi uno mwana aliyense aphunzira mbiri ya anthu a kwawo, ndiponso kutumikira anthu a m'dera lake. Ati palibe mwana amene atsalire. Mawuwa awapachika pa nsalu yaikulu pageti.

Za kutumikirazo sizikuvuta. Ana amabweretsa zitini za nyemba zoti zikaperekedwe kwa osowa, aliyense n'kumatidwa kanyenyezi ka pepala pachifuwa. Ife tinkatunga madzi pamaliro mpaka khosi kuuma, koma sindikumbukira kuti alipo anatimata kanthu.

Mbiriyo ndiye yandiputira mlandu. Awaphunzitsa za anthu akuda a ku America, makamaka za mayi wina wa ku Alabama amene anakana kusiyira mzungu mpando m'basi. Thandi, ndi zaka zake zisanu ndi chimodzi zija, nkhaniyi yamulowa zedi.

Loweruka tinakwera basi yopita m'tauni, itadzaza. Panjira panakwera gogo wina wachizungu, ndodo m'manja, msinkhu wa amene ndimawasambitsa kuntchito ku Wigston. Ndinamukodola Thandi kuti anyamuke, monga anatilerera malemu amayi. Mwana anapinda manja, n'kunena mokweza m'Chingerezi kuti sanyamuka, nayenso ndi munthu. Ndinanyamuka ndine, miyendo ili yotupa ndi shifiti ya dzulo lake. Gogoyo anakhala, kenako anamupatsa Thandi switi. Mpaka lero sindikudziwa kuti switiyo inali ya chiyani.

Titafika kunyumba ndinayesa kumufotokozera kuti kunyamukira munthu chifukwa ndi wamkulu n'kosiyana ndi kumunyamukira chifukwa ndi mzungu. Anandifunsa kuti nanga akakhala wamkulu komanso mzungu, amatani. Ndinamuuza kuti akasambe. Bambo ake, a Absalom, anangoseka, ati mwanayu adzakhala loya. Iwo sakwera naye basi.

Kulimba mtima kumeneku sindikufuna kumuchotsa, achemwali, chifukwa dziko lino lidzamuyesa. Koma sindikufunanso kuti tidzafike kumudzi chaka chamawa, iye n'kukhala pampando agogo ake ataimirira. Ndikaganiza zimenezo tulo sitibwera.

Ndiye pempho langa ndi ili. Mukhale nawo pansi bambo, muwajambule mawu pafoni. Afotokoze ya kale ija, mmene ankawatuma ku Limbe ali mwana n'kukagulira pa windo chifukwa munthu wakuda sankaloledwa kulowa m'sitolomo, ndiponso za tsiku limene anakana windoyo n'kulowera pakhomo. Alankhule Chichewa, Thandi amamva ngakhale amayankha m'Chingerezi. Bambo sanagonjere mzungu, koma mpaka lero amavulira chipewa aliyense wowaposa zaka. Ine zinthu ziwirizi ndalephera kuzilumikiza m'mutu mwa mwanayu, mwina mawu awo akwanitsa.

Chonde musazengereze. Munandiuza nokha kuti ayamba kusokoneza mayina a zidzukulu. Ndikuwadziwa, ayamba ndi ng'ombe za agogo asanafike ku Limbe. Musawadule mawu, alekeni afike okha.

Mundiperekere moni kwa bambo, alamu, azakhali a ku Namadzi ndi ana onse. A Absalom akupereka moni. Thandi naye akuti moni, ali chikhalire.

Ine mng'ono wanu,
Bernadette

Ndikanaiwala. Dzulo aphunzitsi anauza ana kuti aliyense atchule kumene makolo ake anachokera. Thandi anati ku Alabama. Dzina lake alimata pomwepo pa mapu a m'kalasi.