Kabokosi ka ku Chisenga ndi %px

Lolemba, 10 Juni 2024

Kabokosi koyeza kuzizira kwa firiji ya katemera ku Chisenga kazimanso kokha. Kachitatu mwezi uno. Sisita Dinah, namwino wa kumeneko, anaimba m'mawa: "Mwawuka uli, a Davison? Mwana wanu uja wakomokanso." Ndinaseka. Ndine ndinasankha timabokosi timeneti, tonse khumi ndi tiwiri, ndipo draiva, pulogalamu yowerenga sensa yoyeza kuzizirayo, ndinalemba ndekha. Abwana, a Mwenifumbo, akufuna lipoti Lachisanu: timabokosi tikhale kapena tichotsedwe.

Ndawonjezera lamulo la printk kuti kernel, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kabokosi, izilemba adilesi ya m'memori pomwe ikusunga zimene sensa yawerenga. Ndaika %p, chizindikiro cholembera adilesi. Netiweki yalola kutumiza nditayesa kanayi.

Lachiwiri, 11 Juni

Sisita ajambula sikirini. Chithunzi chayenda ola lathunthu, ndipo chala chawo chili pakona. Adilesi: 3f9a61c2. Atazimitsa n'kuyatsanso: 07e44d8b. Pa timabokosi timeneti adilesi ya kernel imayamba ndi c. Izi n'zochokera kuti? Ndakopera m'kabuku, ndafananitsa kawiri. Memori yawola basi.

Lachitatu, 12 Juni

Lipoti ndalemba, tsamba ndi theka: memori n'njowonongeka, timabokosi tichotsedwe. Ndaliwerenga kasanu, sindinalipereke. Nthochi zimene mkazi wanga anandiikira m'chikwama ndabwerera nazo.

Lachinayi, 13 Juni

Ndinaimbira Lettie ku Mzuzu, mnzanga wa ku koleji, kuti andimvere chisoni. Sanatero. Anafunsa chimene ndinalembera adilesiyo, nditamuuza anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe Davison, ukadali mu 2016? %p masiku ano imabisa adilesi dala, kuti akuba asaidziwe. Imakupatsa nambala yosokoneza. Ukafuna yeniyeni, ika %px. Nanga kukula kwa malowo unalemba?"

Ndinati ayi.

"Ika %zu. Ndipo ukamaliza uchotse %px, usasiye chitseko pululu."

Ndakonza, ndatumiza. Chithunzi cha Sisita: c2a41800, kukula 16. Adilesi yabwinobwino. Koma sensa nthawi zina imatumiza mabaiti 32, ine ndinaikonzera malo a 16 okha. Zotsalazo zimasefukira m'malo a zinthu zina, kabokosi n'kugwa. Memori ilibe mlandu. Wolakwa ndi amene akulemba pano.

Mzere umodzi wokha. Ndasintha, ndayang'ana katatu, ndatumiza. Nthochi ndadya zonse zinayi.

Lachisanu, 14 Juni

Sisita m'mawa: "Mwana wadzuka bwino, madigiri anayi. Yewo chomene."

Lipoti latsopano ndi ndime imodzi, ndipo ndalembamo kuti cholakwa chinali changa. A Mwenifumbo anawerenga ataimirira. "Ndiye titsale nato?" Ndinati titsale nato, bwana. Anasaina n'kufunsa ngati tiyi wapsa. Lipoti lakale ndang'amba tizidutswa ting'onoting'ono.

Ndili pakati pa tiyi, mawu a Lettie anandibwerera. Ndatsegula fayilo: %px ikadali pomwepo, mzere 212. Ndachotsa, koma netiweki ya ku Chisenga yagwa kuyambira masana, sindingathe kutumiza. Ndikudziwa kuti palibe wakuba amene akudikira adilesi ya firiji m'mphepete mwa mapiri a Mafinga. Lettie wandilembera kuti, "Lolemba lilipo, khala pansi."

Ndabwereka njinga yamoto ya ofesi, ulendo wa ku Chisenga. Laputopu m'chikwama, jekete ziwiri, chifukwa mphepo ya Juni siseka.