Nthaka ya Pansi pa Nyumba Yathu

Okondedwa azakhali a Ceinwen,

Mvula ikuwaza chiyambire m'mawa, madzulo ano utsi wa malasha wangogona pamadenga. Muli bwanji ku Canada? Kuno tilipo, kungoti chifuwa cha bambo, cha fumbi la mumgodi chija, sichikusintha.

Nkhani ndi ya nyumba. Mukudziwa kuti makoma adamanga ndi agogo, koma nthaka yake ndi yobwereka, ndipo zaka zomwe adagwirizana ndi eni nthakayo zikutha. Lamulo latsopano likutilola kuigula. Loya akuti mwayiwo ndi wa okhalamo okha. Bambo akapanda kufika nazo kumapeto, ugwera ine, bola ndizigona momwemo.

Bambo atamva anaseka mpaka kutsokomola. "Ine nthaka yanga ilipo kale kumanda kuseri kwa tchalitchi, yopanda lendi. Iwe Eirlys, sukupita kulikonse, eti?"

"Ayi, bambo, sindikupita," ndinatero.

Emrys Pugh, mnyamata ndidakutchulirani uja, anakwera sitima yapamadzi Lachisanu, akubwera kwanuko. Poyamba ankafunsa za matikiti awiri, a iye ndi ine. Akakupezani mumpatseko tiyi, amakonda wopanda shuga. Musamuuze kuti ndamutchula.

Ndatopa, ndilekere pomwepa.

Ine mwana wanu,
Eirlys
Lamlungu, 4 koloko madzulo