Timapiko ta Kumchira

Amayi, kukutani uko mwapitako? Kaya kuli mphepo ngati kuno.

Kuno ku Scarborough, kutsidya kwa nyanja, chisanu chayamba msanga. Esinati, mpongozi wanu amene simunamuonepo, wachira mwezi wathawu. Ndi mwana wamkazi, tamupatsa dzina lanu. Mphuno ndi yanu ndithu, ndiponso akalusa amatseka maso monga munkachitira inu. Achemwali a Felesiya alemba kuti chimanga cha kudimba chachita bwino, koma mbuzi yoyera ija inadya chitedze n'kufa. Akutinso denga la khitchini lanu lagwa, ndipo palibe amene ali ndi mtima wolikonza.

M'kalata yomweyo muli nkhani imene yandisowetsa mtendere. Akuti tsiku la maliro anu ndege inadutsa pamwamba pa manda, amayi a Mvano n'kuleka nyimbo, kunena kuti mwana wanu wabwera kudzatsanzika. Tsopano abale agwirizana kuti pomanga chiliza, mmisiri adzajambule ndege pa simenti. Akufuna ndiwatumizire chithunzi cha ndege imene ndinapanga, mvula isanayambe.

Amayi, ine sindinapangepo ndege.

Chaka choyamba inenso ndinkakhulupirira kuti ndikupanga mapiko a ndege. Fakitale yathu ili ku Mississauga, pafupi ndi bwalo la ndege, ndipo ntchito yanga ndi kupala ndi kuyeza timapiko tachitsulo tosaposa chikhatho changa. Ndinakulemberani monyada. Kenaka tsiku lina injiniya wina anatiyalira pepala patebulo kuti timvetse chifukwa chake amatibwezera kapiko kakangolakwika ngati tsitsi limodzi. Papepalapo panali mzinga wouluka, bomba lalitali ngati mtengo wa bulugamu, lopanda mpando, lopanda zenera.

Ndikufotokozereni, poti inu simunkakonda nkhani yosiyira panjira. Timapiko timeneti timakhala tinayi, kumchira. Kalikonse kali pa kachitsulo kozungulira, ndipo kamakina kamkati kamakapotoza pang'ono chabe. Mphepo ikamenya kapiko kopendekekako, imakankhira mchira kumbali, mphuno n'kutembenukira kwina. Tiwiri timakweza ndi kutsitsa, tiwiri timakhotetsera kumanja ndi kumanzere. Chinthucho chikayamba kugubuduzika m'mwamba, tonse tinayi timapotokera limodzi kuti chikhazikike. M'mimba mwake muli kanthu kozungulira ngati nguli, kamene kamamva kuti njira yaphonyeka n'kuuza timapiko tikonze. Zonsezi zimachitika munthu asanaphethire.

Mukudziwa chimene chinandipweteka? Ndinamvetsa msanga kuposa anzanga onse, chifukwa cha inu. Popeta mapira munkandiuza kuti, "Usalimbane ndi mphepo, Lakisoni, ingopendeketsa lichero, yokha igwira ntchito." Nzeru yake ndi yomweyo basi. Ndiye dzanja langa ndi labwino pantchitoyi. Kapitawo amanditama pamaso pa anthu. Timapiko tanga sitibwezedwa, kutanthauza kuti chimene chalozedwa sichiphonyedwa. Kumene zimapita sindikudziwa, ndipo sindifunsa.

Zaka zinayi ndakhala ndikudziwa, koma ndinkangolembabe za ndege. Ndinamva kuti ikamadutsa ndege munkasiya khasu n'kukweza dzanja, kuuza aliyense kuti mapiko amenewo ndi a mwana wanu, tsiku lina adzam'bweretsa. Ndikanayamba bwanji kukulandani zimenezo? Ndinali wamantha, ndipo mpaka lero ndine wamantha.

Musandifunse zosiya ntchito. Ndayesa kugogoda kwina, koma mapepala anga okhalira kuno amangidwa pa fakitale yomweyi, ndipo khanda lafika. Kubwerera kwathu, mukudziwa nokha chimene chinandithawitsa. Anthu a boma amene anafunsa za ine kawiri konse pakhomo panu sanaiwale, n'chifukwa chake sindinaponye dothi pa bokosi lanu. Zoonazi sindingawalemberenso a Felesiya. Makalata ochokera kunja amafika atatsegulidwa kale, ndipo mawu akuti mzinga m'kalata ya munthu wothawa angawatengetse iwo ndi ana awo omwe. Kalata ino yokha ndi imene ndingalembe zonse, chifukwa siidzapita ku positi.

Choncho Loweruka ndinakwera basi mpaka ku bwalo la ndege, n'kugula khadi la chithunzi cha ndege yoyera ya mapiko aakulu. Ndalitumiza dzulo. Mmisiri adzaijambula bwino, anthu adzaombera m'manja, ndipo inu mudzagona pansi pa bodza langa mpaka simentiyo idzasweke.

Munkati mwana wonama amaoneka pa khosi, pomeza malovu. Mwina munkadziwa. Mwina dzanja lija munkakweza kuti anthu asandiseke. Sindidzadziwa.

Ndimakukondani, Amayi. Zobwera sindilonjeza, ndatopa kukunamizani. Chimene ndikulonjeza n'chakuti mdzukulu wanuyu akadzakula n'kufunsa ntchito ya bambo ake, ndidzamuuza zoona, ngakhale adzandide. Ndipo inu, mukamva ndege ikudutsa pamwamba pa manda, musavutike kukweza dzanja. Mulibe changa m'menemo.

Ndine mwana wanu,
Lakisoni