Mwana wa Talandira Wabadwa Wochepa

Wokondedwa mwana wanga Lettie,

Muli bwanji kumeneko ku Mzuzu, iwe, bambo akunyumba ndi ana? Ife kuno ku Benga tadzuka, koma mawondowa. Akundilembera ndi a Madina a pagolosale, ndipo ndawauza kuti asasinthe mawu anga.

Ndinabereka ana anayi. Iwe ndiwe mphunzitsi wamkulu. Hubert amayendetsa thirakitala m'minda ya nzimbe ku Dwangwa. Stewart wamanga nyumba yamalata ndi manja ake. Talandira, mzime wanga, anakhoza Fomu 4. Nonse ndinakusungani m'mimba mwa njira imodzi, ndipo palibe anapunduka.

Mng'ono wako Talandira wachira, mwana wamwamuna. Koma mwanayo sanafike makilogalamu awiri. Mkono wake ngati chala changa chachikulu, kulira kwake uchite kutchera khutu.

Ukudziwa kuti mkulu wanga Iness anamwalira pobereka, ndipo azamba anati mwana anakulitsa. Choncho Talandira atabwera kudzadikirira kwa ine, ndinachita zimene ndinachita pa inu nonse. Mazira ndinamuletsa. Chakudya ndinkamuchepetsera, kuti mwana asanenepere m'mimba. Mapiritsi ofiira a kusikelo ndinati asiye, poti amayi kuno amati amakulitsa mwana. Mpunga anamweta nafe mpaka mwezi womaliza, kuti thupi lifewe. Malungo atamugwira, tinati ndi zizindikiro za mimba chabe.

Kuchipatala namwino anafunsa zonsezi chimodzichimodzi, ine ndikuyankha monyadira. Kenako anati Talandira analibe magazi okwanira, ndipo njala, malungo ndi ntchito yolemetsa ndi zimene zinachepetsa mwana. Sanandikalipire ayi. Bola akanandikalipira, ndikanadziwa poyankha.

Ndinamufunsa kuti nanga Iness anafa ndi chiyani. Anati mwina kuchedwa kufika kuchipatala. Ndinafunsanso kuti nanga anayi angawa anakula bwanji. Anati Mulungu anandikomera mtima, komanso sadziwa kuti munkalemera bwanji, poti palibe anakuyezani. Lettie, kodi nawenso unali wochepa chonchi ine osadziwa? Ndimayesa kukumbukira, koma m'maso mwanga munali ana abwinobwino.

Tsopano akuti mwana azikhala pachifuwa, khungu kukhudza khungu, usana ndi usiku, chifukwa mwera uno ungamuzizire. Talandira akatopa ndimamumangirira ine. Moyo wanga wonse mwana ndimabereka kumsana, lero ndikuyenda naye kutsogolo ngati ndaba nkhuku. Mazira amene ndinkaletsa ndi amene ndikuwiritsa m'mawa uliwonse. Sindikudziwa ngati ndikukonza kapena ndikuwononganso.

A Philip, bambo a mwanayu, amandipatsa moni akuyang'ana kumbali. Koma amene akundidetsa nkhawa kwambiri ndi Talandira. Chonde muimbire foni, umve za mumtima mwake. Undiuzenso m'Chichewa chomveka zimene ndizimudyetsa kuti mkaka uchuluke. Zimene unene ndichita, ngakhale ndisazimvetse.

Upereke moni kwa apongozi ako ndi adzukulu anga. Ambuye akusungeni nonse.

A Philip amati za dzina ndi ubatizo tidikire kaye, tione ngati mwanayu akhala. Ine ndakana. Ndapita ndekha kwa ansembe ndipo tsiku alemba. Uwauze Hubert ndi Stewart: tonse tikumana kuno Lamulungu pa 3 Ogasiti, ndipo mwanayo mudzamupeza.

Ndine mayi ako,
Nabanda